MBIRI YA ONOLA MIPENI A KU SHEFFIELD

Munthu akagula mpeni m'sitolo sayamba waganizira za amene anaupanga, ndipo akati aganize, maganizo ake amathamangira kwa wosula, chifukwa ndiye ali ndi moto, mvukuto ndi nyundo, zinthu zokopa maso. Koma chitsulo chochoka pachipala sichinakhale mpeni ayi. Chimakhala chakuda, chokhakhala ndi chochindikala kukamwa, chosatha kudula ngakhale dzungu. Amene amachisandutsa mpeni ndi munthu wina, wonola, amene amachidyetsa kumwala kufikira mbali zake ziwiri zitatsetsereka kuchokera kumsana ndi kukakumana kukamwa. Kutsetsereka kumeneku, kumene m'nkhani ino kudzatchedwa mtsetse wa mpeni, ndiko kumasiyanitsa lumo ndi nkhwangwa. Mtsetse ukapyapyala kwambiri mpeni umadya bwino koma suchedwa kubenthuka. Ukachindikala mpeni umalimba koma umang'amba m'malo modula. Nzeru yonse ya wonola ili pakati pa ziwirizi.

Kumudzi ntchito imeneyi inali ya munthu mmodzi. David Livingstone atafika kumapiri a Shire m'chaka cha 1859 anapeza ng'anjo ndi osula m'midzi ya Amang'anja, akupanga makasu, nthungo ndi mipeni. Ndipo wosula wotere mtsetse ankaupanga ndi nyundo chitsulo chili chofiira, natsiriza pamwala wonolera. Ku Ulaya kunali mizinda imene ntchitoyi inagawikana, kotero kuti munthu ankatha moyo wake wonse akunola basi, osasulako ngakhale tsiku limodzi. Wotchuka mwa mizinda imeneyi ndi Sheffield, kumpoto kwa England.

Mipeni ya ku Sheffield ndi yakale ndithu. M'kaundula wa msonkho wa chaka cha 1297 muli kale dzina la munthu wopanga mipeni, ndipo patapita zaka ngati 100 mlakatuli Geoffrey Chaucer anatchula mpeni wa kumeneko m'nthano zake monga chinthu chodziwika kwa aliyense. M'chaka cha 1624 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la amisiri lotchedwa Company of Cutlers in Hallamshire, nilipatsa mphamvu yolemba zizindikiro za amisiri ndi kuyang'anira maphunziro a anyamata, amene ankakhala pansi pa mmisiri zaka zosachepera 7 asanaloledwe kudziimira paokha. Bungweli likalipo, ndipo chaka ndi chaka limasankha mkulu wake.

Chimene chinakweza mzindawu si nzeru ya anthu yokha. Sheffield ali pamene mitsinje isanu imakumana: Don, Sheaf, Porter, Rivelin ndi Loxley. Inayi yotsirizayi si mitsinje yaikulu, ndipo munthu wa m'mbali mwa Shire kapena Bua akhoza kuiseka. Koma imatsika m'mapiri mwaliwiro, ndiponso mvula ya kumeneko siidziwa chilimwe chotalika. Anthu anatseka timadamu motsatizana, madzi a damu lililonse nagwera pa gudumu lalikulu ndi kulizunguza, kenaka nabwerera mumtsinje kukazunguza gudumu la mnansi wa kunsi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 malo otere anali oposa 100, ndipo mtsinje wa Rivelin wokha unali nawo ngati 20 pa mtunda wa mamailosi atatu. Mapiri omwewo anali ndi mwala wamchenga woyenera kunolera, wabwino koposa unkakumbidwa ku Wickersley pafupi ndi Rotherham. Chitsulo chabwino chinkachokera kutali, makamaka ku Sweden. Ndipo m'zaka za m'ma 1740 Benjamin Huntsman, amene poyamba anali wopanga mawotchi, anapeza njira yosungunula chitsulo cholimba m'mbiya zadothi kuti chikhale chofanana ponseponse. Amisiri a kwawo anayamba achikana, nati nchouma kwambiri, kotero kuti iye anayamba kugulitsa ku France.

Nyumba yonoleramo ankaitcha hull, ndipo nkofunika kuilongosola bwino, pakuti zonse zimene zinachitika pambuyo pake zinachokera m'kamangidwe kake. Gudumu la madzi linkazunguza mtanda wautali wokhala ndi ng'oma zamatabwa kumbuyo kwa chipinda. Kuchokera pa ng'oma iliyonse lamba wachikopa ankapita kutsogolo kukazunguza mwala wobulungira woimikidwa chilili, umene mbali yake ya pansi inali m'chomwera cha madzi. Wonola ankakhala chotang'adza pa mpando wathabwa kumbuyo kwa mwalawo, monga wokwera bulu, ataweramira kutsogolo, mwala ukuzungulira chothawa iye. Mpeni ankaupanikiza pamwala ndi kathabwa, ndipo pofuna kudya chitsulo chambiri ankanyamuka pampando nautsamira ndi thupi lonse. Panalibe choyezera china koma maso, makutu ndi zala. Mpeni ukachoka pamwala unkapita pa gudumu lathabwa lokutidwa ndi chikopa chomatidwa mchenga wosalala kuti lifute mikwingwirima, ndipo potsiriza pa lina loupatsa kunyezimira.

Mwala wobulungira umasiya kachigwa pambali pa chitsulo, ndipo mwala ukachepa kachigwako kamazama. Chifukwa cha ichi miyala inali ndi maulendo ake. Watsopano, wa mafiti anayi kapena asanu, unkayamba kwa onola mipeni ya patebulo, amene ankagwedeza mpeni pamwala kuti mtsetse utuluke wosalowa m'kati. Ukadyeka nuchepa, ankaugulitsa kwa onola timipeni topinda. Ndipo timiyala tating'ono koposa tinali ta onola malumo ometera, amene ankafuna kachigwa kozama kuti kukamwa kupyapyale ngati tsamba. Motero panali onola macheka, onola zisikilo, onola masizasi, onola mafoloko, onola matupa, aliyense ndi miyala yake, mitengo yake ya malipiro ndi bungwe lake, ndipo wina sankalowa m'ntchito ya mnzake.

Mizinda ina inali ndi makhalidwe ena. Ku Thiers, m'dziko la France, onola ankagona chafufumimba pathabwa pamwamba pa mwala, ndipo m'nyengo yozizira ankagoneka galu pamiyendo yawo kuti awafunditse. Ku Solingen, m'dziko la Germany, nyumba zonolera zinali m'mbali mwa mtsinje wa Wupper ndi timitsinje take. Ndiko kunayambira mu 1902 mpeni wa Okapi, wodziwika m'maiko onse a kumwera kwa Afirika, umene kuyambira 1988 unayamba kupangidwa ku South Africa.

Wonola wa ku Sheffield sanali wantchito wa ganyu monga mawuwa amamvekera masiku ano. Iye ankachita lendi malo ake ndi mphamvu ya gudumu, nagula miyala ndi malamba ndi ndalama zake, nalandira mipeni kwa amisiri ang'onoang'ono amene ankatchedwa little mesters, kapena ku mafakitale, ndipo ankalipidwa monga mwa kuchuluka kwa zimene wanola. Panalibe kapitawo womuuza nthawi yoyamba kapena yoweruka. Ambiri Lolemba sankaoneka ku ntchito. Ufulu umenewu ankaunyadira kwambiri, koma unali ndi mbali yake ina: popeza zida zinali zake, ngozi nazo zinali zake, ndipo mwini nyumba sankadziona kuti ali ndi mlandu pa moyo wa munthu amene angomubwereka malo.

Ngozi yoyamba inali kuphulika kwa mwala. Kale mwala ankaumangirira pa mtanda wake ndi mphero zamitengo zokhomera pabowo la pakati. Mitengoyo ikamwa madzi inkafufuma, ning'amba mwala m'kati mosaoneka, ndipo tsiku lina uli paliwiro unkagawika, zibenthu zake nizikwera ndi mphamvu yoboola denga. Amene wakhala pamwamba pake kawirikawiri sankapulumuka wamphumphu. Pofuna kuchepetsa zimenezi anayamba kumanga mpando ndi maunyolo okhomera pansi, ndipo pambuyo pake anasiya mitengo nayamba kupana mwala ndi mbale ziwiri zachitsulo. Koma imfa imeneyi, ngakhale inali yoopsa kuiona, inatenga anthu ochepa poyerekeza ndi ina imene inkadza mwakachetechete.

Masiku a magudumu a madzi ntchito inali ndi mpumulo wake wosafuna kupempha. Madzi akachepa m'damu, kapena akaundana ndi chisanu, mwala unkaima, wonola napita kudimba kwake. Malamulo akale a amisiri ankaletsanso ntchito masabata angapo m'mwezi wa Ogasiti ndiponso pambuyo pa Khirisimasi. Nyumba zinali kuthengo, zopita mphepo. Tsono mu 1786 munamangidwa nyumba yoyamba yonolera yoyendera injini ya nthunzi. Injini siidikira mvula, ndiponso siisowa mtsinje wotsetsereka. Choncho nyumba zatsopano zinamangidwa m'kati mwa mzinda, zosanjikizana, za zipinda zambiri, onola ambiri napanikizana m'chipinda chimodzi kuyambira m'mawa kufikira usiku, chaka chonse. Mipeni inachuluka, mitengo yake inatsika, ndipo dzina la Sheffield linafika ku America, ku India ndi ku Afirika. Nthawi yomweyo anthu anayamba kuona kuti onola sakukalamba.

Choyambitsa chinali fumbi. Mwala wamchenga pafupifupi wonse ndi silika, ndipo ukamadyeka umatulutsa fumbi losalala kotero kuti lina silioneka ndi maso. Fumbi lotere limapitirira mphuno ndi mmero nilikakhazikika m'kati mwa mapapo, m'mene thupi silingathe kulisungunula kapena kulitulutsa. Mapapo amachita zipsera pamene pali fumbilo, zipserazo nizikula ngakhale munthu atasiya ntchito, kufikira mpweya utasowa polowa. Ndipo mapapo otere chifuwa chachikulu chimawapeza ali chitsegukire. Onola pamwala wonyowa ankapezako bwino, chifukwa madzi ankagwira fumbi lambiri nalisandutsa matope. Koma zinthu zina, makamaka mafoloko, zinkanoledwa pamwala wouma. Ndiponso mwala uliwonse watsopano unkayamba wawongoledwa ndi mpiringidzo wachitsulo uli kuzungulira wouma, ndipo ntchito imeneyi inkadzaza chipinda chonse ndi fumbi, nilipumidwa ndi onse, a mwala wonyowa omwe.

Dotolo Arnold Knight, wa pa chipatala cha mumzindamo, analemba za nthendayi mu 1830. Iye ananena kuti mwa onola ngati 2,500, amene anafika zaka 50 sanakwane 35. Onola mafoloko ankafa pakati pa zaka 28 ndi 32. Onola malumo, amene ankagwira mwala wouma ndi wonyowa womwe, pakati pa 40 ndi 45. Onola mipeni ya patebulo pakati pa 40 ndi 50. Mnyamata ankayamba ntchito kawirikawiri ali ndi zaka 14, ena asanafike ndi pomwe, ndipo pofika zaka 20 ndi mphambu zochepa ankayamba kupuma mwabefu pokwera chitunda, mapewa atakwera, nkhope itatuwa, mawu atasasa. Dotolo George Calvert Holland anaonjezera umboni wina mu 1843, ndipo Friedrich Engels anatenga mawerengero a Knight nawaika m'buku lake la 1845 lonena za moyo wa antchito a ku England, motero mbiriyi inamveka kunja kwa dziko.

Mankhwala panalibe, koma njira yopewera inadziwika msanga. M'zaka za m'ma 1820 munthu wina wa mumzindamo, dzina lake Abraham, anapanga chovala chapakamwa chokhala ndi maginito kuti azigwira fumbi lisanalowe. Nzeruyi inatamandidwa, koma inalasa pambali, pakuti maginito amakoka fumbi lachitsulo, pamene lakupha ndi lamwala, limene maginito salidziwa. Chothandiza chenicheni chinali chapafupi: bokosi lophimba mwala, mpope wotulukira kunja, ndi chokupizira mphepo choyendetsedwa ndi lamba yemweyo, chokoka fumbi lisanafike pankhope. Kumene chinaikidwa, chinathandiza. Chodabwitsa nchakuti kwa zaka zambiri sichinafale. Eni nyumba ankati mtengo wake ulipidwe ndi wonola, popeza zida ndi zake. Onola enanso anachikana, ndipo kwina anachiphwanya, poopa kuti ntchito ikaleka kupha anthu ambiri adzailowa, malipiro natsika.

Nkosavuta kuwaseka anthu amenewa ndi kuwatcha opusa, ndipo olemba ena a nthawi imeneyo anaterodi. Koma kuwerengera kwawo sikunali kwa misala. Munthu wopanda munda, wopanda penshoni, amene chuma chake chonse ndi kusowa kwa anthu odziwa ntchito yake, amaona mnyamata aliyense wophunzira monga wodzamlanda nsima. Cholakwa chawo chinali chakuti anavomera kugula malipiro ndi zaka za moyo wawo, ndipo mtengowo sanalipire okha: unagwera akazi amasiye ndi ana, amene ambiri mwa iwo analowa ntchito yomweyo ali aang'ono chifukwa atate anafa msanga.

Usiku wa pa 11 Marichi 1864 damu lalikulu latsopano la Dale Dyke linagumuka, madzi natsika chigwa cha Loxley, nakokolola nyumba zonolera, milatho ndi midzi kufikira m'kati mwa mzinda. Anthu osachepera 240 anafa. Ena mwa magudumu a m'chigwacho sanamangidwenso.

Mantha aja a kuchuluka kwa antchito ndiwo anabala nkhani imene inadetsa dzina la mabungwe a ku Sheffield. Mabungwe a onola anali ang'onoang'ono koma olimba. Membala ankasonkha sabata ndi sabata, ndipo bungwe linkamthandiza ntchito ikasowa kuti asavomere malipiro otsika. Koma malamulo a dziko sankawazindikira mabungwewa mokwanira, kotero kuti analibe bwalo kokasumira munthu wokana kusonkha kapena wophunzitsa anyamata opitirira muyeso. Tsono anapanga chilango chawochawo chotchedwa rattening: usiku anthu osadziwika ankalowa m'nyumba yonolera nachotsa malamba a wolakwayo, ndipo m'mawa mwala wake sunkazungulira. Akalipira ngongole yake, ankauzidwa kumene malambawo abisidwa. Onola ambiri sankaona choipa pamenepa.

Koma kwa osamva, zinthu zinkapitirira. William Broadhead, mlembi wa bungwe la onola macheka kuyambira 1848, munthu waulemu wake mumzinda, analipira anthu awiri, Samuel Crookes ndi James Hallam, kuti alase James Linley, amene anali kuphunzitsa anyamata ambiri. Linley analasidwa mu 1859, namwalira chaka chotsatira. Mu Okutobala 1866 chitini cha wonga chinaphulitsidwa m'nyumba ya Thomas Fearnehough, amene anali atakangana ndi bungwe lomwelo. Panalibe wakufa, koma dziko lonse linatekeseka, ndipo Broadhead mwini anali mmodzi wa odzudzula mchitidwewu poyera. Mu 1867 Boma linatumiza ofufuza ku Sheffield, nililonjeza kuti aliyense woulula zoona zonse sadzazengedwa mlandu. Hallam anayamba kuulula, ndipo Broadhead ataona kuti pobisala patha anavomera zonse. Analandira chikalata chake cha chikhululukiro, koma analandidwa chilolezo cha nyumba yake yogulitsiramo mowa. Anapita ku America mu 1869, nabwerako osapindula, namwalira mu 1879.

Adani a mabungwe anayesa kuti nthawi yowathetsa yafika. Zinatembenuka. Ofufuza anapeza kuti mwa mabungwe pafupifupi 60 a mumzindamo, ochepa okha ndiwo anakhudzidwa ndi zachiwawa. Ndipo atsogoleri a antchito a m'mizinda ina anaonetsa kuti bungwe lopanda chitetezo cha malamulo ndilo limathawira ku mdima. Mu 1868 msonkhano woyamba wa Trades Union Congress unachitika ku Manchester, ndipo mu 1871 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lozindikira mabungwe a antchito ndi kuteteza ndalama zawo. Mabungwe a m'maiko amene anali pansi pa Angelezi, pamene nthawi yawo yolembetsa ku Boma inafika, anayenda m'njira imene inalambulidwa nthawi imeneyo.

Fumbi lokha linatsala. Dzina lakuti silicosis linaperekedwa ndi dotolo wa ku Italy, Achille Visconti, cha mu 1870, koma dzina silichiza. Chimene chinapulumutsa onola kwenikweni chinachokera ku America, kwa munthu amene sankaganiza za mapapo a wina aliyense. Mu 1891 Edward Acheson, potentha dothi ndi makala ndi mphamvu ya magetsi, anapeza timiyala tolimba kwambiri timene anatitcha carborundum. Posachedwa mafakitale anayamba kuumba miyala yonolera ya timiyala timeneti ndi ya mtundu wina wochokera ku aluminiyamu. Miyala youmbayi imadya chitsulo msanga, imakhalitsa, ndipo ilibe silika wa mtundu uja wowononga mapapo. Onola okalamba anaikana poyamba, nati imatentha mpeni ndipo siisiya nkhope yokoma ngati mwala wa ku Wickersley. Boma linaika malamulo a kanoledwe mu 1909, nilionjezera ena okhwima a onola mipeni mu 1925, ndipo mu 1927 onola odwala silicosis anayamba kulandira chipukuta misozi. Kuchokera pa kalata ya Dotolo Knight panali patapita zaka 97.

Pano mbiri ya Sheffield ikumana ndi mbiri imene mabanja ambiri a mamembala akuidziwa m'nyumba zawo. Mwala wa m'migodi ya golide ku Johannesburg nawo ndi wa silika, ndipo nthenda imene inkapha onola mafoloko ndi yomweyo imene inkabwera m'zifuwa za amuna opita ku Joni pa Wenela. Msonkhano woyamba wa maiko onse wokamba za silicosis unachitikira ku Johannesburg mu 1930. Ngakhale South Africa inali ndi lamulo la chipukuta misozi cha nthendayi kuyambira 1912, antchito akuda ochokera kutali ambiri anabwerera kwawo osapimidwa, nafera kumudzi, abale nayesa chifuwa wamba kapena zamatsenga. Mu 2019 bwalo lalikulu la ku Johannesburg linavomereza pangano la R5 biliyoni pakati pa makampani asanu ndi imodzi a golide ndi antchito akale, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lilipire odwala ndi amasiye awo, kuphatikizapo a maiko oyandikana.

Ku Sheffield kunachitikanso chinthu china chimene chinasintha mpeni wa m'nyumba iliyonse. Mu Ogasiti 1913 Harry Brearley, mwana wa mmisiri wosungunula chitsulo, pofufuza chitsulo choyenera mipope ya mfuti, anasungunula china chokhala ndi magawo pafupifupi 13 pa 100 a chromium, napeza kuti sichichita dzimbiri. Ernest Stuart wa kampani ya R. F. Mosley ndiye anapeza kakhwimitsidwe kake napanga mipeni yoyamba. Onola anadandaula kuti nchovuta pamwala, ndipo anthu ankanyoza kuti mipeni yake siidula. Koma akazi amene anatopa ndi kukwecha mipeni tsiku ndi tsiku anaweruza mwa njira ina. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri makina onola okha anachuluka, mipeni yotsika mtengo ya ku Asia inadzaza masitolo, ndipo mafakitale a ku Sheffield anatsekedwa limodzi ndi limodzi. Stan Shaw, mmodzi wa otsiriza mwa amisiri ang'onoang'ono aja, amene ankapanga kampeni kopinda yekha kuyambira poyamba mpaka potsiriza, anagwira ntchito kufikira ukalamba waukulu namwalira mu 2021 ali ndi zaka 94.

Luso limene linafa m'mafakitale linadzukira kumene palibe ankaliyembekeza, ndiko kuseri kwa nyumba za anthu opanga mipeni mongokonda. Zimenezi zinakula ku America. Bob Loveless anatchukitsa njira yosasula konse: kudula chithunzi cha mpeni pa chitsulo chophwatalala ndi kunola mtsetse wonse pamakina. Mu 1970 kunakhazikitsidwa Knifemakers' Guild, ndipo mu 1976 Bill Moran ndi anzake anayambitsa American Bladesmith Society ya okonda kusula. Chida chawo chachikulu si mwala koma lamba wa sandipepa, wa mainchesi 2 m'lifupi ndi 72 m'litali, woyenda pa magudumu ndi mota ya magetsi. Makina amodzi amachita zimene kale zinkafuna miyala yambiri. Lamba akamadutsa pa mbale yachitsulo yophwatalala amapereka mtsetse wowongoka. Pa gudumu la mainchesi 8 kapena 10 amapereka kachigwa konga ka onola malumo. Pamene ali lende, wopanda chomuchirikiza kumbuyo, amapereka mtsetse wotukuka ngati wa nkhwangwa.

Kachitidwe kake nako kali ndi mwambo. Makina amakhomeredwa pa tebulo lolemera kuti asanjenjemere, pa msinkhu woti zigongono zitsamire m'nthiti, nyale ili pamwamba, ndowa ya madzi ili pansi polandira mbaliwali. Mmisiri amayamba walemba mzere pakati pa kukamwa kwa chitsulo, kuti mbali ziwiri zidyedwe mofanana. Amayamba ndi lamba wokhakhala wa nambala 36 kapena 60, natsikira ku 120 ndi 220, mpeni kukamwa kuli m'mwamba. Sanola kufikira pothwa, koma amasiya kukamwa kochindikala ngati milimita imodzi kapena kucheperapo, chifukwa chitsulo chopyapyala chimapindika kapena kung'aluka pochikhwimitsa. Akatero amachitentha kufikira maginito ataleka kuchigwira, ndi kupitirira pang'ono, nachiviika m'mafuta, nachifunditsanso pa moto wochepa wa madigiri ngati 200 kuti chisakhale chophweka ngati galasi. Kunola kotsiriza ndiko kofuna kuleza mtima: mpeni uviikidwe m'madzi kawirikawiri, pakuti kukamwa kukangosanduka kobiriwira ngati thambo, kukhwima kwathawa pamenepo, ndipo palibe mwala ungakubweze. Ambiri amatsiriza kukamwa pa madigiri 15 kufikira 20 mbali iliyonse.

Wopanda magetsi sanatsekeredwe kunja. Tupa womangirira ku ndodo yachitsulo, ndodoyo ikuyenda m'mphete yokhomera pathabwa, amasunga kupendeka kumodzimodzi ulendo uliwonse, ndipo amatulutsa mtsetse wowongoka kuposa wa munthu wongoyamba kumene pamakina, ngakhale amadya masiku. Sipuling'i ya galimoto kapena tupa wakutha, zimene osula a m'misika amazidziwa bwino, ziyenera kuyamba zafewetsedwa pozitentha ndi kuzikwirira m'phulusa kuti zizizire pang'onopang'ono.

Malamba ndi miyala ya masiku ano alibe fumbi la ku Wickersley, koma fumbi lachitsulo, la mitengo ina ya zigwiriro ndi la nyanga silikomera mapapo, ndipo galayinda yemweyo akatembenukira ku njerwa, ku konkire kapena ku mwala wa pamanda amatulutsa silika weniweni uja. Opanga mipeni odziwa amavala chophimba pamphuno chokhala ndi sefa, osati kansalu chabe, ndi magalasi a maso. Mwala woumba nawo umaphulika monga wakale: uliwonse umalembedwa liwiro limene suyenera kupitirira, ndipo amisiri asanaumange amaugogoda pang'ono ndi kamtengo, pakuti wamphumphu umalira ngati belu, pamene wong'aluka umangoti phu.

Pa mtsinje wa Porter pakali nyumba imodzi yonolera ya masiku a madzi, yotchedwa Shepherd Wheel. Imatchulidwa m'kalata ya chuma cha masiye ya 1584, inagwira ntchito kufikira cha mu 1930, ndipo itakonzedwanso inatsegulidwa kwa alendo mu 2012. Damu likatsegulidwa gudumu limazungulira, malamba nayamba kuwomba, miyala niyenda m'zomwera zake pamaso pa mipando yopanda anthu. M'chigwa cha Rivelin makoma a nyumba zambiri anagwa, ndipo miyala yakutha imene onola ankataya ikali m'madzi ndi m'mbali mwa njira, uliwonse ndi bowo lake la ngodya zinayi pakati.